Kuchoka ku Vienna kupita ku Roma pa sitima ya usiku: ndikwere kapena ndileke?

Mayi Nachisale, Area 18

Moni nonse. Ndikupempha uphungu kwa amene munayendapo ku Ulaya. Kuntchito kwathu andisankha kuti ndikakhale nawo pa msonkhano wa masiku asanu ku Vienna, m'dziko la Austria, kumayambiriro kwa mwezi wa Okutobala. Msonkhanowo udzatha Lachisanu masana, pamene ndege yanga yobwerera kuno idzanyamuka Lachiwiri usiku, ndipo masiku apakatiwo abwana andilola kuti akhale tchuthi changa bola ndidzilipirire ndekha chilichonse.

Mtima wanga uli ku Roma. Ndimapemphera ku Maula, ndipo mayi anga, amene tsopano maondo akuwavuta, mpaka lero amasunga nsalu imene anavala pokaona Papa Yohane Paulo Wachiwiri atabwera m'dziko muno mu 1989. Nditawauza kuti ndikupita ku Ulaya sanafunse n'komwe za msonkhano, anangoti ndikawagulire korona pa Tchalitchi cha Petro Woyera.

Mnzanga wina wandiuza kuti pali sitima imene imanyamuka ku Vienna madzulo n'kukafika ku Roma m'mawa, ndipo munthu amagona momwemo. Ine sitima ndimangoiona ya katundu ija ya ku Kanengo, sindinakwerepo. Kodi mayi woyenda yekha angagone mwamtendere m'sitima yotere? Kodi viza imene ndipatsidwe chifukwa cha msonkhano wa ku Austria indilola kulowa m'dziko la Italy? Ndipo kodi masiku atatu ndi okwanira kuona mzinda waukulu ngati umenewo, kapena ndingotaya ndalama zimene ndazipeza movutikira?

Bambo Kamanga, Area 47

Mayi Nachisale, kwerani. Ndayendapo kawiri pa njira imeneyi ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa zambiri zimene zimasokoneza munthu wochokera kuno ndi zing'onozing'ono zimene palibe amene amaganiza zokuuzani.

Sitimayo imatchedwa Nightjet, ndipo mwini wake ndi kampani ya njanji ya boma la Austria, ÖBB. Kampaniyi inayamba kugwiritsa ntchito dzina limeneli mu Disembala 2016, pamene kampani ya njanji ya ku Germany inasiya kuyendetsa sitima zake zogonamo, anthu ambiri akuganiza kuti ndege zotsika mtengo zathetsa maulendo oterewa. Zinthu zinatembenuka, moti masiku ano mabedi amatha msanga, makamaka Lachisanu, lomwe ndi tsiku lanu. Musadikire kuti mukagule mukafika. Gulani pa intaneti mukadali kuno viza ikangotuluka, ndipo yambani mwapita kubanki kwanu kukafunsa ngati khadi lanu lingathe kulipira kunja, poti tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira m'dziko muno. Mitengo siikhazikika, imakwera malo akamachepa. Matikiti otsika mtengo kwambiri amalembedwa kuti Sparschiene, koma amenewo mukasintha maganizo ndalama zanu sizibwerera.

Malo alipo a mitundu itatu. Pali mipando, pali zipinda za mabedi osanjikizana zogonamo anthu angapo osadziwana, ndipo pali zipinda zodula zokhala ndi bedi lenileni ndi posambira m'manja. Ulendo wanga woyamba ndinagula mpando pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ndinanong'oneza bondo. Ulendowu ndi wa maola oposa 13, mumakhala moyang'anizana ndi anthu mawondo akugundana, wina akutsika pakati pa usiku, wina akukwera ndi zikwama zake, moti ndinafika ku Roma khosi litauma ndipo tsiku loyamba lonse ndinalithera kusinza pa benchi. Ndalama imene ndinapulumutsa inali yochepa poyerekeza ndi tsiku limene ndinataya. Inu gulani bedi la m'chipinda cha anthu angapo, ndipo pogula sankhani chipinda cha amayi okhaokha, chifukwa zipinda zotere zilipo. Sitima zatsopano zimene zinayamba kuyenda mu Disembala 2023 zilinso ndi timalo ta munthu mmodzimmodzi totsekeka, tofanana ndi kabati yogonamo. Ngati mungatipeze pa tsiku lanu, timathetsa nkhawa yonse yogona ndi alendo.

Mukalowa mudzapeza nsalu yoyala, bulangeti, pilo ndi botolo la madzi zili pabedi, ndipo kuyala mumayala nokha. Chitseko chimakhomedwa m'kati. Bogi iliyonse yogonamo ili ndi wantchito wake amene amaona tikiti, amakudzutsani nthawi yotsika ikayandikira, ndipo m'mawa amabweretsa kadzutsa wa mabanzi, batala, jamu ndi tiyi kapena khofi, zomwe zili kale mumtengo wa bedi. Kadzutsayo ndi wochepa kwa munthu wozolowera phala, ndipo chakudya chamadzulo ndi bwino kugula musanakwere, m'masitolo a pansi pa siteshoni. Bedi la m'munsi ndi labwino kwa munthu amene amadzuka usiku. La m'mwamba limafuna kukwera pa makwerero ang'ono sitima ikugwedezeka. Pasipoti, foni ndi ndalama muzigona nazo m'kachikwama ka m'khosi kapena pansi pa pilo, ngakhale popita kuchimbudzi muzinyamula.

Tsopano mumvetsere bwino apa. Pa tikiti ndi pa zikwangwani simudzaona mawu akuti Vienna, mudzaona Wien, ndipo siteshoni yanu ndi Wien Hauptbahnhof. Mzinda wa Florence, umene mudzadutsamo, amaulemba Firenze. Nthawi amalemba ya maola 24, ndiye 19:00 ndi 7 koloko madzulo. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti sitima imodzi imanyamula mabogi opita kumalo osiyanasiyana, ndipo usiku anthu ali m'tulo mabogiwo amalumikizidwa ndi ena kapena kulekanitsidwa. Mukamva kugunda ndi kukokana kwa zitsulo sitima itaima nthawi yaitali chapakati pa usiku, musachite mantha, ndi ntchito imeneyo. Koma tanthauzo lake n'lakuti muyenera kukhala m'bogi imene nambala yake ili pa tikiti yanu, osati ina iliyonse imene mwaona kuti ili ndi malo.

Njira yake imadutsa ku Villach, imalowa m'dziko la Italy pa Tarvisio, kenako Bologna ndi Firenze. Mapiri ambiri mudzawadutsa mumdima. Chimene ine ndimakumbukira ndi m'bandakucha: ndinakweza katani ndi kuona minda ya mphesa ili m'nkhungu, mitengo yaitali yowongoka ngati makandulo, ndi mudzi wa nyumba zamiyala uli pamwamba pa chitunda, ndili ndi kapu ya khofi m'manja, nsapato ndisanavale. Pa ndege zimenezi simungazione.

Bambo Mwale, Kawale

Ndikupepesa kwa a Kamanga, koma ine ndili ndi maganizo ena, ndipo ndi bwino mayiwa amve mbali zonse. Ine sitima ndimaidziwa, zaka zanga zogula katundu ku Dar es Salaam ndinkakwera TAZARA kuchokera ku Mbeya, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti kugona m'sitima si kugona, ndi kungotseka maso. Pali anthu amene kugwedezekako kumawagoneka ngati khanda kumsana, koma ena timamva siteshoni iliyonse, mkonono wa mnzathu wa bedi la m'mwamba, ndi chitseko cha m'khonde chikamenyetseka. Mayiwa sanakwerepo, ndiye sakudziwa kuti ali m'gulu liti, ndipo akufuna kuyesa atatopa kale ndi msonkhano wa masiku asanu.

Ndege yochoka ku Vienna kupita ku Roma siitenga ngakhale maola awiri, ndipo nthawi zina tikiti yake imatsika kuposa bedi la m'sitima. Koma nkhawa yanga yaikulu ndi ulendo wobwerera. Sitima za usiku zimayenda mtunda wautali kudutsa m'maiko angapo, ndipo zikachedwa zimachedwa ndithu. Kuonjezera apo, ku Italy ogwira ntchito za mtengatenga amanyanyala ntchito kawirikawiri. Mayi, ngati mukuganiza zobwerera ku Vienna pa sitima ya Lolemba usiku kuti mukakwere ndege Lachiwiri, dziwani kuti mwaika tikiti yanu yonse yobwerera ku Lilongwe pa sitima imodzi. Ikalephera kuyenda, mudzagula tikiti ina ndi mayuro amene mulibe. Walira mvula walira matope, ndiye muganizire matopewo mukadali kuno.

Bambo Kamanga, Area 47

A Mwale anena zoona pa nkhani yobwerera, ndipo ndinayenera kuitchula. Pa mtengo pokha sindikuvomereza kwathunthu: mukaonkhetsa ndalama ya sutikesi pa ndege zotsika mtengo, ulendo wopita ndi wochokera kubwalo la ndege mbali zonse ziwiri, ndi hotela ya Lachisanu usiku ku Roma, kusiyana kwake kumachepa kapena kutheratu. Njira yabwino ndi yopempha amene akukugulirani tikiti kuntchito kuti ndege yobwerera inyamukire ku Roma. Ethiopian Airlines imatera ku mizinda yonse iwiri kuchokera ku Addis Ababa, choncho n'zotheka kupita kudzera ku Vienna n'kubwerera kudzera ku Roma. Mukatero sitima mukwera kamodzi kokha, ndipo mupindula tsiku lina lathunthu.

Mayi Gondwe, Area 12

Achemwali, ine ndiyankha za mzindawo, chifukwa ndakhalako kangapo pa misonkhano ya zaulimi. Likulu la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lili ku Roma komweko. Koma ndiyambe ndi viza, poti funso limenelo palibe amene waliyankha. Austria ndi Italy onse ali m'gulu la maiko a Schengen, ndipo viza ya Schengen imakulolani kuyenda pakati pawo ngakhale itakhala yolowera kamodzi, chifukwa kuchoka ku Vienna kupita ku Roma sikuti mwatuluka m'gulumo. Chimene muyenera kusamala ndi chiwerengero cha masiku. Kawirikawiri amapereka masiku ogwirizana ndi zimene munalemba pofunsira, ndiye mukangopereka kalata ya msonkhano yokha akhoza kukupatsani masiku othera pa msonkhanowo. Lembani ulendo wonse, wa ku Roma womwe, onetsani kumene mukagone, ndipo inshuwalansi yanu ya zaumoyo, imene amafuna kuti izitha kukulipirirani ndalama zosachepera mayuro 30,000, ikwane mpaka tsiku lobwerera. Apolisi amatha kukwera m'sitima pamalire usiku n'kufunsa mapasipoti, choncho musauike pansi pa sutikesi.

Chimene anthu saganizira pa sitima ya usiku ndi m'mawa wofikira. Mumatsika pakati pa mzinda, zoona, koma musanasambe, muli ndi sutikesi, ndipo mahotela ambiri sapereka chipinda isanakwane 2 koloko masana. Mukapanda kukonzekera mudzapezeka mukukoka sutikesi pa misewu ya timiyala takuda imene imathyola mateyala, mukutuluka thukuta, mukufunafuna chimbudzi chimene nachonso pa siteshoni n'cholipira. Lemberani hotela yanu pasadakhale kuti mudzafika m'mawa ndipo akusungireni katundu. Ambiri amavomera, ena amakulolani ndi kusukusula komwe. Zikakanika, pa siteshoni ya Termini pali malo osungitsa katundu olembedwa kuti deposito bagagli. M'kachikwama ka m'manja muikemo mswachi, kathaulo ndi chovala chosinthira. Onetsetsaninso pa tikiti kuti sitima yanu ikuthera pa siteshoni iti, chifukwa zazikulu zilipo ziwiri, Termini ndi Tiburtina. Zonse zili pa njira B ya sitima yapansi panthaka, ndipo pa Termini ndi pamene njira A ndi B zimakumana. Kupita ku Vatican mumakwera A n'kutsika pa Ottaviano. Kupita ku Colosseum, bwalo lamasewera la Aroma akale, mumakwera B n'kutsika pa Colosseo, ndipo mukangotuluka pa makwerero chinyumbacho chili pamaso panu, chachikulu kuposa mmene chimaonekera pa zithunzi. Chinatsegulidwa m'chaka cha 80, nthawi ya mfumu Titus, patangopita zaka zochepa Petro ndi Paulo ataphedwa mumzinda womwewo.

Masiku atatu ndi okwanira ngati simukhala ndi dyera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndikanakhala inu, Loweruka ndikanayenda pang'onopang'ono chapansi, kuona kachisi wakale wa Pantheon ndi kasupe wa Trevi zomwe zili moyandikana, n'kukagona msanga. Lamulungu ndikanalipereka lonse ku Tchalitchi cha Petro Woyera. Kulowa n'kwaulere, koma pali mzere woti akusecheni umene umatalika kwambiri dzuwa likakwera, ndiye mukafike cha m'ma 7 koloko. Mapewa ndi mawondo ayenera kukhala ophimbidwa, zimene kwa ife sizovuta, ndipo chitenje m'chikwama chimathandiza pa zambiri. Mukangolowa, kudzanja lamanja, pali chosema cha Michelangelo cha Maria atanyamula mtembo wa Yesu pamiyendo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuganiza za maliro a kwathu. Misa zimachitika zingapo m'mawa wonse. Ikakwana 12 koloko Papa, ngati ali mumzinda, amaonekera pa zenera n'kutsogolera pemphero la Angelus, ndipo pabwalopo safunsa tikiti. Amene ali ndi mphamvu amakwera pamwamba pa denga lozungulira la tchalitchicho, masitepe 551, kapena 320 ukayamba ndi chikepe, koma kumtundako njira ndi yopapatiza ndipo khoma limapendekera, moti wa befu asayese.

Nyumba zosungira zakale za ku Vatican, mmene muli Sistine Chapel imene makadinala amasankhiramo Papa, zimakhala zotseka Lamulungu kupatula lomaliza pa mwezi, choncho zimenezo ndi za Lolemba, ndipo tikiti yake gulani pa intaneti kuti musathere theka la tsiku pa mzere. Korona wa amayi mukagule m'timisewu ta kuseri, osati pa msewu waukulu wolunjika kubwalo, ndipo mukhale naye m'manja pa nthawi ya dalitso la Angelus.

Ndikuchenjezeni za akuba, chifukwa zinandichitikira. Ndinali pa sitima yapansi nthawi ya m'mawa, anthu atathithikana ngati minibasi ya ku Area 25 madzulo. Atsikana awiri ovala bwino anaima pakhomo ngati akukayika kutsika, anthu anakankhana, ndipo pamene chitseko chinkatsekeka iwo anali kunja, zipi ya chikwama changa ili yotsegula. Anatenga kachikwama ka ndalama zapatsikulo. Pasipoti inapulumuka chifukwa inali m'kati mwa bulauzi. Sakhala ndi mpeni ndipo sakumenyani, amangopisa, monga zimachitikira ku depoti ya mabasi. Chikwama chizikhala kutsogolo, dzanja lili pa zipi, ndipo wina akakupatsani duwa kapena kukumangani kachingwe pamkono akunena kuti ndi mphatso, kanani n'kumapita, chifukwa pambuyo pake amafuna ndalama. Tikiti ya pepala ya basi muyenera kuidinditsa pa kamakina mukangokwera. Ikakhala yosadinda amaiwerengera ngati mulibe, ndipo chindapusa chake chimawawa.

Madzi musagule. Mumzinda monse muli mipope yachitsulo yotchedwa nasoni imene imatuluka madzi ozizira abwino usana ndi usiku, ndipo poyamba mtima unkandipweteka kuona madzi akungotayika ndikakumbukira mipope youma ya kuno. Khofi womwera choimirira pa kauntala ndi wotsika mtengo kuposa womwera pa tebulo, ndipo malo odyera oyandikana ndi zinthu zotchuka amadula popanda chifukwa. Hotela idzakulipiritsani msonkho wa mzinda wa usiku uliwonse, umene nthawi zambiri suli mumtengo umene munaona pa intaneti. Mutengenso adaputala, popeza mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi awo a mabowo ozungulira. Za wotchi musavutike: kumayambiriro kwa Okutobala nthawi ya kumeneko imafanana ndi ya kuno, imadzabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi kumapeto kwa mweziwo.

Mayi Nachisale, Area 18

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Lero m'mawa ndalankhula ndi a ku ofesi yathu yoona za maulendo, ndipo ati tikiti sanagule, choncho kubwerera kudzera ku Roma n'kotheka bola ndalama yoonjezera, ngati ilipo, ndilipire ndekha. A Mwale, nkhawa yanu ndaimva, ndipo mwina ndidzapezeka kuti ndili m'gulu lanu la osagona, koma usiku umodzi ndipirira. Kalata yofunsira viza ndailembanso kuti masiku afike Lachiwiri.

Mayi Gondwe, ndatsala ndi funso limodzi. Ndamva kuti pafupi ndi Vatican pali nyumba za masisitere zimene zimalandira alendo pa mtengo wotsika kuposa hotela, koma zina zimatseka geti usiku pa nthawi yoikika. Kodi munagonapo m'nyumba yotere, ndipo kodi angavomere kundisungira sutikesi kuyambira m'mawa wa Loweruka?